Mlandu suwola, umawola ndi mtembo

M'nthano zambiri za umbanda muli kamphindi kamodzi komwe kamandigwetsa mphwayi. Dokotala wafika pomwe papezeka mtembo, wanjuta pambali pake, wagwira pakhosi, wayang'ana wotchi, kenako n'kuuza wapolisi kuti, "Ameneyu wamwalira 10 koloko usiku wathawu." Dokotala wodziwa ntchito yake sangayankhule choncho ngakhale mutamupanikiza bwanji. Mlembi akamuyankhulitsa motero amakhala wataya bomwetamweta, pakuti kukoma kwa nthano yotere kwagona pa munthu amene aliyense akumudikira kuti atsegule pakamwa, iye akudziwa kuti thupi limangoulula pang'ono, ndipo pang'onopo pakufufutika ola lililonse.

Udindo wa medical examiner, dokotala wopima mitembo ya imfa zokayikitsa, kwawo ndi ku America. Usadabwere, imfa zokayikitsa zinkafufuzidwa ndi coroner, udindo womwe Angerezi adaukhazikitsa mu 1194, makamaka pofuna kuti chuma choyenera kupita kwa mfumu pa imfa zotere chisalowe m'matumba a ena. Mpaka lero m'maboma ambiri a ku America coroner amachita kuvoteredwa, ndipo m'madera ena lamulo silifuna kuti akhale dokotala. Akhoza kukhala mwini kampani yokonza maliro. Chigawo cha Massachusetts ndicho chidayamba kuika madokotala m'malo mwa ma coroner mu 1877. Mzinda wa New York udatsegula ofesi yake mu 1918, mkulu wake woyamba ali Charles Norris, yemwe ankadalira katswiri wa ziphe Alexander Gettler. Lero munthu wofuna ntchitoyi kumeneko amaphunzira udokotala zaka zinayi, za matenda a m'ziwalo zaka zitatu kapena zinayi, n'kuwonjezera chaka chimodzi cha imfa zokhudza milandu. Bungwe lawo, National Association of Medical Examiners, limalangiza kuti dokotala mmodzi asapitirire mitembo 250 pa chaka. Yambiri mwa mitemboyo si ya anthu ophedwa. Ndi ya ofa mwadzidzidzi ndi mtima, ofa pa ngozi za pamsewu, ofa ndi mankhwala ozunguza bongo. Choncho mwininkhani wanu akatha masabata atatu akuthamanga ndi mlandu umodzi, wowerenga wodziwa amafunsa kuti mitembo inayo ili ndi yani.

Malire a ntchito ndi awa: malo omwe pachitikira imfa ndi a polisi, thupi ndi la dokotala. Samanga munthu, sapanikiza oganiziridwa ndi mafunso, sathamangitsa zigawenga mumdima. M'maofesi akuluakulu ngakhale kumalo a imfa sapitako kawirikawiri, amatumako ofufuza ake ojambula ndi kulemba. Komabe ali ndi zida zake zofufuzira. Akhoza kuitanitsa mabuku a kuchipatala a malemuyo, kufunsa abale mankhwala omwe ankamwa, kubwerera kukayeza kutalika kwa masitepe omwe akuti adagwapo. Chida chake chachikulu ndi siginecha. Akakana kulemba kuti "ngozi", mlandu sutsekeka, a inshuwalansi salipira, ndipo wina kwinakwake sagona tulo. Mukamanga nthano pa siginecha imeneyo simufunikanso kumugwiritsa mfuti.

Chenjerani mukaika nthano yanu ku England. Kumeneko, kuyambira mu Seputembala 2024, lamulo lidakhazikitsa udindo wa dzina lomweli, koma ntchito yake ndi ina: amaunika zikalata za imfa ndi kuyankhula ndi abale, sang'amba mtembo. Mukaiika kuno kwathu, ofesi yotere kulibe. Apolisi ndiwo amapempha kuti mtembo upimidwe, m'maboma ambiri wopima amakhala wachipatala wamba, akatswiri enieni ndi owerengeka, ndipo panja pa mochale pamakhala abale ndi bokosi ndi lole yobwereka yomwe mwini wake akuifuna madzulo omwewo. Musamuvalitse Mmalawi jekete ya ku America. Chipsinjo chake n'chokwanira kale kunyamula nthano.

Wamwalira liti?

Apa ndi pomwe alembi ambiri amagwa chagada, ndiye tikhalitsepo.

Thupi lamoyo limakhala pa madigiri 37. Mabuku akale amati mtembo umazizira pafupifupi digiri imodzi pa ola. Lamuloli limanama koyambirira, limanamanso kumapeto. Poyamba kutentha kwa m'kati kumaima osatsika, mwina theka la ola, mwina maola atatu kapena kuposa, chifukwa khungu ndilo limayamba kuzizira, m'kati mukadali mofunda. Kumapeto, thupi likafanana ndi mpweya wolizinga, choyezera sichikuuzaninso kanthu. Pakati pake pali bulangete, kunenepa kwa munthu, mphepo, zovala zonyowa, simenti yomwe wagonapo, ndi malungo ngati adamwalira thupi likutentha. Dokotala amalowetsa choyezera kotulukira chimbudzi, masentimita osachepera 8, ndipo ngati pali chikayiko choti munthuyo adagwiriridwa amayamba watenga umboni ndi kathonje, apo ayi wauwononga yekha. Nthawi yomweyo amayeza mpweya wa pafupi ndi mtembo, anthu asadatsegule mawindo. Mjeremani Claus Henssge adakonza tchati chophatikiza kutentha kwa thupi, kwa mpweya ndi kulemera kwa munthu, ndipo ndicho chimadaliridwa kwambiri. Koma ngakhale zonse zitayenda bwino, yankho lake limabwera ndi maola 2.8 uku ndi 2.8 uko. Ndi mpata wa maola pafupifupi asanu ndi limodzi umenewo. Tsono tengani tchaticho mupite nacho ku Nsanje mu Okutobala, kunja kukuposa madigiri 40. Mtembo suzizira. Ukhoza kutentha kuposa momwe udalili wamoyo.

Kuuma kwa mtembo kumabwera chifukwa minofu imafuna mphamvu kuti imasuke. Mphamvuyo ikatha m'maselo, minofu imakanirira pomwe yaimapo. Kumayamba kuoneka m'zikope, m'nsagwada ndi m'khosi pakadutsa maola awiri mpaka asanu ndi limodzi, thupi lonse limakhala litauma pofika maola 12, n'kufewanso patatha tsiku limodzi kapena awiri. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, kuzizira kumachedwetsa, ndipo munthu amene adamwalira akuthamanga, akulimbana kapena akuphupha amauma msanga chifukwa mphamvu idali itatha kale. Monga wotchi, kuumaku n'kosadalirika. Phindu lake lili pena. Mtembo wopezeka uli chagada, bondo lili lopinda m'mwamba popanda choligwira, sudaumire pamenepo. Udaumira pampando kapena m'buti ya galimoto, wina adachita kuunyamula. Kumbukiraninso kuti mkono wouma kwathunthu ukawongoledwa mokakamiza suumanso, ndiye dokotala wanu afunse ngati achibale kapena apolisi adauwongola asadafike.

Mtima ukaima, magazi amadikha ngati matope m'ndowa. Amatsikira kumunsi kwa thupi n'kudetsa khungu la kumeneko, kupatula pomwe thupi lapanikizika ndi pansi. Zimayamba kuoneka m'maola awiri oyamba. Mukadina ndi chala m'maola amenewo mtunduwo umachoka n'kubwerera. Pakatha maola 8 mpaka 12 umakhazikika. Taganizani mtembo wopezeka chafufumimba m'dimba, koma magazi adadikha kumsana, ndipo kumsanako kukuoneka timizere ta mphasa. Munthuyo adagona chagada m'nyumba usiku wonse asadamutaye. Umboni wake ndi umenewo, palibe mboni yayankhula. Koma pali chimodzi chomwe alembi okopera m'mabuku a kunja amaphonya. Zithunzi zambiri za m'mabukumo ndi za khungu loyera. Pa khungu lakuda kudikhaku kumavuta kuona. Dokotala amayang'ana m'zikhatho, kumapazi, pansi pa zikhadabo, ndipo amatsimikiza atatsegula thupi, poona mbali ya mapapo yomwe yadzadza magazi. Mtundu wake nawo umanena zambiri. Ukakhala wofiira mowala, amaganizira utsi wa makala, monga zimachitikira banja likagona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira.

Za chakudya cha m'chifu, ingomvani nkhani ya Steven Truscott. Mu 1959, ku Clinton m'chigawo cha Ontario ku Canada, mtsikana wa zaka 12, Lynne Harper, adapezeka ataphedwa. Dokotala wopima, John Penistan, poona chakudya cha m'chifu mwake, adanena kuti adamwalira pakati pa 7:15 ndi 7:45 madzulo. Nthawi imeneyo ndi yomwe adaonedwa ali ndi Truscott, mnyamata wa zaka 14. Mnyamatayo adagamulidwa kuti anyongedwe, chilangocho chidasinthidwa, adakhala m'ndende zaka khumi, ndipo khothi la apilo lidamuyeretsa mu 2007. Chifu chimakhuthula chakudya chopepuka m'maola awiri, cholemera m'maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, koma mantha, ululu, mowa kapena kuvulala m'mutu kukhoza kuimitsa ntchitoyo kwa maola ambiri. Chifu chimakuuzani chomwe munthu adadya. Ola lomwe adamwalira sichidziwa. Mphindi 30 za Penistan zidadya unyamata wa munthu, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuona mlembi akumupatsa ulemu dokotala woyankhula motero.

Masiku akapitapo, zizindikiro zonsezi zimatha ntchito, n'kutsala kuwola ndi ntchentche. Kuwola kumayamba kuoneka kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja, pomwe thumbo lalikulu lili pafupi ndi khungu: pamabiriwira. Kumaiko ozizira zimatenga tsiku limodzi kapena awiri, kuno m'chilimwe tsiku silikwana. Kenako mitsempha imaonekera ngati nthambi, mimba imafufuma, m'mphuno ndi m'kamwa mumatuluka madzi ofiirira omwe anthu osadziwa amati ndi magazi a kumenyedwa. Mpangankhani wanu wapolisi alakwitse pamenepo, dokotala amuwongolere. Johann Ludwig Casper wa ku Berlin adasiya lamulo losavuta kukumbuka: sabata imodzi pamtunda ifanana ndi masabata awiri m'madzi, ifanananso ndi masabata asanu ndi atatu m'manda.

Ntchentche zobiriwira zimafika m'mphindi zochepa ngati kuli kowala ndi kofunda. Zimaikira mazira m'maso, m'mphuno, m'kamwa ndi m'mabala. Mukapeza mphutsi zitaunjikana pachikhatho, pomwe palibe bowo lachilengedwe, funani bala pamenepo. Mwina munthuyo ankatchinga mpeni. Mazira amaswa tsiku lisadathe, mphutsi zimafundula kawiri, zikakhuta zimachoka pamtembo kukabisala m'dothi n'kusanduka tizikwa tofiirira. Wotola umboni akangotola za pathupi osakumba dothi la m'mbali amaphonya zakale kwambiri, n'kuchepetsa masiku. Katoledwe kake: zina amaziviika m'madzi otentha kwambiri kwa theka la mphindi kuti ziwongoke, n'kuzisunga mu ethanol, mowa wa mulabu, wa 70 mpaka 80 peresenti, zina amazisunga zamoyo ndi kachidutswa ka chiwindi kuti zikule, adziwe mtundu wake. Akaziponya mu ethanol zili zamoyo zimafwanyala, utali wake n'kunama. Njirayi idathandiza kale pa mlandu wa Buck Ruxton mu 1935, pomwe ziwalo za akazi awiri zidapezeka m'chigwa pafupi ndi Moffat ku Scotland. Komabe mphutsi zimangonena nthawi yomwe ntchentche zidafika. Mtembo ukadakhala masiku atatu m'thumba lomanga kapena mufiriji, masiku amenewo siziwerenga.

Ndiye dokotala woona amayamba ndi mafunso awiri osafuna labu: adaoneka wamoyo komaliza liti, ndipo wapezeka liti? Kenako amachepetsa mpatawo pang'onopang'ono, mothandizidwa ndi foni yomwe idasiya kuyankhidwa, nyali yosazimitsa, nsima yosadyedwa pamoto wozima.

Patebulo

Ndondomeko ya kupima ili ndi chifukwa pa sitepe iliyonse, ndipo mlembi woidziwa amapeza polakwitsa pabwino pomangira nthano. Manja a mtembo amawavalitsa mapepala okhuthala akadali kumalo a imfa. Pulasitiki amachita thukuta, umboni wa m'zikhadabo n'kuchita nkhungu. Mtembo ukafika saufulumira kuuvula kapena kuusambitsa. Amaujambula uli chivalire, amafananitsa mabowo a malaya ndi mabala a pathupi, ndipo podula zovala sadutsitsa sizasi pabowo la mpeni kapena la chipolopolo. Zovala zonyowa magazi amaziyanika kaye asadazilonge. Ngati pali mfuti, mwana wamng'ono kapena mtembo wopsa, X-ray imatsogola. Kuyang'ana kunja kokha kukhoza kutenga nthawi yaitali kuposa kung'amba.

Akamatsegula amacheka kuchokera m'mapewa onse awiri kukumana pachifuwa, n'kutsika mpaka kuchinena. Amadula nthiti, n'kuyang'ana ziwalo zili m'malo mwake asadachotse kanthu, n'kuyeza magazi omwe akhuthukira m'chifuwa kapena m'mimba ndi kapu yolembedwa mamililita. Ena amachotsa chiwalo chimodzichimodzi monga ankachitira dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, ena amazula zonse pamodzi kuyambira lilime mpaka kumunsi. Chilichonse chimakwera sikelo. Mtima wa munthu wamkulu umalemera magalamu 250 mpaka 350; ukafika 500, ukhoza kukhala yankho pawokha. Ubongo ndi magalamu 1,300 mpaka 1,400, chiwindi pafupifupi 1,500. Phapo lomwe liyenera kukhala magalamu 400 likalemera 900, ladzadza madzi, ndipo dokotala amayamba kuganiza za chiphe, mankhwala, mtima kapena kumira.

Khosi limabwera kumapeto, ndipo ichi ndi chinthu chomwe ndimafunitsitsa nditachiona kawirikawiri m'nthano. Mitsempha ya m'khosi mwa mtembo imakhala yodzadza magazi. Mukayamba ndi khosi, mpeni wanu womwe umatayira magazi m'minofu, n'kupanga zooneka ngati zala za munthu wopotokola khosi. Madokotala awiri a ku South Africa, Prinsloo ndi Gordon, adafotokoza msampha umenewu mu 1951. Njira yake n'kuchotsa kaye ubongo ndi za m'chifuwa kuti magazi atsike, kenako kusenda minofu ya khosi umodziumodzi. Taonani nthano yomwe ili pamenepo: wopima woyamba, wotopa kapena wosaphunzitsidwa bwino, adayamba ndi khosi, mwamuna wa malemu ali pa limandi, ndipo mwininkhani wanu akuyang'ana zithunzi n'kuona kuti pa chithunzi cha khosi chigaza chidali chisadatsegulidwe. Kafupa ka pamwamba pa kholingo, komwe alembi amakakonda, sikathyoka nthawi zonse munthu akakanyangidwa pakhosi, makamaka mwa achinyamata omwe kafupako kakadali kofewa. Timadontho ta magazi m'maso timaonekanso mwa ofa ndi mtima ndi ogona chafufumimba. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chimagamula chokha.

Pa khungu lakuda mikwingwirima imabisala. Munthu akafera m'manja mwa omusunga, dokotala amatembenuza mtembo n'kucheka kumsana, m'matako, m'ntchafu, m'mikono ndi kumapazi kufuna magazi a pansi pa khungu. Wosacheka amalemba kuti "palibe chovulala", ndipo mwina sadaname dala. Za kukalamba kwa mkwingwirima, chokhacho chomwe kafukufuku wa Langlois ndi Gresham wa mu 1991 adatsimikiza n'chakuti mtundu wachikasu suoneka maola 18 asadakwane, ndipo adayeza pa azungu.

Za mabala ndingodutsamo. Bala la chitsulo chosathwa limang'amba khungu n'kusiya timinofu tolumikiza mbali ziwiri za bala; la mpeni kapena chikwanje chakuthwa silisiya. Kuzama kwa bala kukhoza kuposa utali wa mpeni chifukwa mimba imabonyoka pobayidwa. Mfuti yogunditsa pakhungu imalowetsa mwaye m'kati mwa bala, yapafupi imasiya mwaye kunja, yotalikirako imathothomola khungu ndi timadontho ta wonga, ndipo ikapitirira pafupifupi mita imodzi sisiya kanthu, moti mamita awiri ndi mamita 50 zimaoneka chimodzimodzi. Kukula kwa chipolopolo sikudziwika poyeza bowo la pakhungu. Chipolopolo amachitola ndi zala kapena chopanira cha pulasitiki, chifukwa chachitsulo chimakala mizere yomwe akatswiri a mfuti akufuna. Mutu woyenda ukagunda pansi, ubongo umavulala kwambiri mbali yotsutsana ndi pomwe wagunda. Mutu woima ukamenyedwa, umavulala pomwepo. Kumira kulibe chizindikiro chimodzi chotsimikizira, ndipo manja okwinyika amangonena kuti mtembo udali m'madzi. Wopsa ndi moto amapinda manja ngati wankhonya chifukwa minofu yakokana ndi kutentha. Chofunika kuona ndi mwaye m'kholingo, womwe umasonyeza kuti ankapuma moto ukuyaka.

Mabotolo opita ku labu amatenga nthawi. Magazi oyeza ziphe amatengedwa mumtsempha wa m'ntchafu, chifukwa munthu akamwalira mankhwala a m'chiwindi, m'mapapo ndi m'chifu amayenderera kulowa m'magazi a mumtima, mlingo wake n'kuoneka ngati wakupha chikhalirecho adangomwa monga adauzidwira kuchipatala. M'botolomo mumakhala sodium fluoride woletsa tizilombo kupanga mowa m'magazi owola. Popanda iye, munthu wosalawa mowa akhoza kupezeka "ataledzera". N'chifukwa chake amatenganso mkodzo ndi madzi a m'diso, omwe amachedwa kuwonongeka. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo limasunga mbiri ya zomwe munthu ankamwa. Labu imapeza chomwe yauzidwa kufuna. Dokotala akapanda kuona timaso tating'ono ngati nsonga ya singano, thovu m'kamwa ndi timibulu takuda m'chifu, n'kupempha kuti afune tameki, fomu ikhoza kubwera yoti palibe chapezeka. Zotsatira zimatenga masabata, nthawi zina miyezi. Ubongo wofunika kuunika bwino umaviikidwa m'mankhwala oumitsa otchedwa formalin masabata awiri kuti ulimbe. Alembi amadana ndi kuchedwaku n'kukudumpha ndi makina oyankha pompopompo. Ine ndimati kusungeni. M'masabata amenewo ndi momwe maliro amaikidwa, woganiziridwa amagulitsa munda, mboni imasamuka, ndipo akuluakulu amaimba foni kufunsa kuti fomu ituluka liti.

Chomwe amasaina

Nyuzipepala zathu zimakonda kunena kuti "zotsatira za kuchipatala zasonyeza kuti adamwalira chifukwa chotaya magazi ambiri". Mawu amenewo sanena chomwe chapha munthu. Amangonena njira yomwe imfa yadzera. Chomwe chapha ndi bala la mpeni pachifuwa lomwe laboola mtima, kapena chilonda cha m'chifu chomwe chaphulika. Chikalata cha ku America chimafunanso chinthu chachitatu, mtundu wa imfa, ndipo mabokosi ake ndi asanu: matenda, ngozi, kudzipha, kuphedwa ndi munthu wina, ndi yosadziwika. Bokosi lachinayilo silinena kuti wina ndi wolakwa. Wodziteteza nayenso wapha munthu, ndipo kulakwa amagamula ndi khothi. Nthawi nayo sisintha bokosi. Munthu wowomberedwa pamsana, n'kulumala, n'kudzamwalira patatha zaka khumi ndi matenda obwera chifukwa cha kulumalako, amalembedwa kuti adaphedwa. Bokosi lachisanu ndilo lolemera. Kulisankha n'kuvomera pamaso pa apolisi, abale ndi atolankhani kuti thupi silidanene mokwanira.

Mdani weniweni wa dokotala ameneyu nthawi zambiri samubisalira pakona ndi mpeni. Amakhala muofesi, ndipo amangofuna liwu limodzi lisinthe. Steve Biko, womenyera ufulu wa anthu akuda, adamwalira pa 12 Seputembala 1977 atavulazidwa m'mutu ali m'manja mwa apolisi a ku South Africa. Dokotala wa boma yemwe adamuona akadali moyo, Ivor Lang, adalemba kuti sadapeze vuto. Kupima mtembo kudasonyeza ubongo wovulala, komabe woweruza adati palibe wolakwa, ndipo padatenga mpaka 1985 kuti bungwe la madokotala lipeze Lang ndi mnzake Benjamin Tucker olakwa. Kuno tikukumbuka Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic yemwe adapezeka atafa pasukulupo mu Seputembala 2011. Apolisi adati adadzipha podziponya kuchokera pamwamba. Dr Charles Dzamalala atapima adati mabalawo adali a kumenyedwa, ndipo komiti yofufuza ya mu 2012 idapeza kuti adachita kuphedwa. Pa milandu iwiriyi chidasiyanitsa zinthu ndi zomwe dokotala adalola kapena kukana kulemba.

Palinso imfa zomwe sizifika n'komwe patebulo. Harold Shipman, dokotala wa ku Hyde ku England, ankapha odwala ake ndi mankhwala amphamvu oletsa ululu otchedwa diamorphine n'kusaina yekha zikalata zawo za imfa kuti ndi ukalamba kapena mtima. Adamangidwa mu 1998 atapeka wilo ya Kathleen Grundy, mtembo wa mayiyo utafukulidwa n'kupezeka ndi morphine. Khothi lidamupeza wolakwa pa imfa 15 mu Januwale 2000, ndipo kafukufuku wa boma wa mu 2002 adawerenga 215. Ambiri mwa iwo mitembo yawo idali itawotchedwa, popanda chofukula.

Nthano yanu ikafika pofukula, dziwani zomwe mwininkhani akapeze ndi zomwe zidapita. Pamafunika chilolezo cha lamulo, ndipo kuno pamafunikanso kukhala pansi ndi mfumu ndi adzukulu. Amakumba m'bandakucha, atatchinga malowo. Amatenga dothi la pamwamba pa bokosi, la m'mbali zonse, la pansi pake, ndi lina la kutali ndi mandawo, kuti loya asadzanene kuti chiphe chidachokera m'nthaka. Botolo lililonse limamatidwa, n'kulembedwa dzina la wotenga, tsiku ndi ola, ndipo aliyense wolilandira amasaina. Pakasowa siginecha imodzi, umboni wonse umagwa m'khothi. Ngati mtembo udabayidwa mankhwala oumitsa, magazi adachotsedwa, ziphe zina zidasungunuka kapena kusintha, ndipo singano yaikulu yopopera m'mimba idaboola ziwalo mwina penipeni pomwe padadutsa mpeni. Ngati udapimidwapo kale, ziwalo zili m'thumba limodzi m'mimba, zodulidwadulidwa. Chotsala chodalirika ndi mafupa, mano, tsitsi, zikhadabo ndi mnofu wa m'ntchafu. Nthiti yokalidwa ndi mpeni imasunga mzere wake zaka zambiri, ndipo dokotala amaichotsa yathunthu, kuitsuka m'madzi ofunda, n'kuiyang'ana nyali ikuwalira cham'mbali kuti kamzereko kachite mthunzi.